Galimoto Yomwe Inkalira Osayenda

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa pa ntchito ku Namiwawa mphamvu ndikadali nazo, ndipo ine ndakhala ndikukuyankhani kuti maso anayamba kuvuta. Ndinkakunamizani. Maso anga ali bwino, mpaka lero ndine ndimalowetsa ulusi pa singano ya amayi anu. Chimene chinandichotsa ndi oyilo wa mu injini, malita anayi okha, amene anakhala m'galimoto imodzi zaka zitatu ndi theka osasinthidwa. Kuti mumvetse bwino, ndiyambire kumene ndinaphunzira za oyilo.

1981 mpaka 1988, ku Limbe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa kampani ina ku Limbe yomwe inkagawa katundu m'magolosale. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, layisensi yatsopano m'thumba, mutu wodzaza ndi kudzimva. Kapitawo wa ku galaja anali a Zuze, munthu wa ku Nsanje, wamfupi, wosaseka pachabe, amene ankatukwana m'Chisena koma n'kumapemphera m'Chichewa. Tsiku langa loyamba sanafune n'komwe kuona layisensi ija. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo pa lole imodzi, nandiuza kuti ndinunkhize. Ndinaganiza kuti akufuna kundiyesa chitsiru pamaso pa madalaivala anzanga, koma nditaona nkhope yawo ndinanunkhiza. Anati dalaivala wosadziwa fungo la oyilo wa galimoto yake ndi wokwera chabe, akakhale kumbuyo pamodzi ndi matumba a mchere.

Zaka zimenezo nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njira za kudoko, ndipo zinthu zinkasowa mosinthana, mwezi uno dizilo, mwezi wamawa matayala. Malole athu atatu anakhazikidwa pa zitsa pafupifupi chaka chathunthu kudikira matayala. Ife madalaivala tinkawaliza m'mawa uliwonse kwa mphindi zochepa kuti mabatire asafe, tikumadziona ngati anthu anzeru. Lamulo la ku ofesi linkati oyilo asinthidwe galimoto ikakwanitsa mamailosi ake, motero malole osayendawo sankaganiziridwa. A Zuze okha ndi amene nkhaniyi inkawasowetsa mtendere. Bwana woyang'anira magalimoto anali bambo Makwinja, munthu wa tayi, wophunzira, amene makolo awo, ngati agogo anu, anaoloka malire kuchokera ku Mozambiki kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. A Zuze sanakangane nawo mu ofesi. Anawatenga mpaka pa imodzi mwa malole aja, natsegula chivindikiro cha oyilo, nawaonetsa kunsi kwake. Kunali zoyerayera zonanda ngati chambiko.

"Bwana, oyilo sawerenga mamailosi okha," anatero a Zuze. "Amawerenganso miyezi."

Anafotokoza ife tonse tikumva, ndipo ndikulemba pano kuti inunso amene muli ndi magalimoto mumve. Injini yozizira imachita thukuta mkati mwake, monga amachitira malata a denga m'mamawa wa mu Juni, ndipo madziwo amatsikira mu oyilo. Galimoto ikayenda ulendo wautali, kutentha kumawauma. Koma ikangolizidwa pang'ono n'kuzimitsidwa isanatenthe, madzi aja pamodzi ndi mafuta osapsa bwino amatsalira momwemo, tsiku ndi tsiku, mpaka oyilo amasanduka matope otseka njira zake. Lamulo lawo linali lakuti oyilo asinthidwe mamailosi akakwana kapena miyezi isanu ndi umodzi ikatha, chimene chayamba kufika. Galimoto yosayendayenda, ankati, ukazengereza bwanji isadutse chaka, ndipo uziyitulutsa sabata iliyonse ikathamange pamsewu mpaka itenthe. Bambo Makwinja anamvetsera manja ali kumbuyo, kenako anavula tayi, napempha sipanala. Ndinali ndisanaonepo bwana akuvomera kuphunzitsidwa ndi munthu wa ovololo, ndipo ndinawalemekeza kuyambira tsiku limenelo.

1989 mpaka 2013, ku Namiwawa

Atakwezedwa pa ntchito, bambo Makwinja anapatsidwa mwayi wosankha dalaivala wawo, ndipo anasankha ine. Ndinawafunsa chifukwa chake patapita zaka zambiri. Anaseka, nati anaona kuti ndine wamakani ngati a Zuze koma wosadziwa kutukwana. Tinasamukira ku Naperi chaka chomwecho kuti ndiziyenda wapansi kupita kunyumba kwawo. Mu 1996 anagula galimoto yawoyawo, yoyera, ya petulo, ndipo atapuma pa ntchito mu 2003 ananditenga kuti ndikhale wa pakhomo pawo. Anali ndi munda ku Thyolo, tinkapitako Lachiwiri ndi Lachisanu, dzuwa kapena mvula.

Galimoto imeneyo sinaone galaja pa nkhani ya oyilo. Tinkasintha tokha, Loweruka m'mawa, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Ine ndinkalowa kunsi kukamasula nati ndi fyuluta, iwo ankathira oyilo watsopano ndi manja awo, pang'onopang'ono, osalola dontho ligwere pambali. Mayi Makwinja, akazi awo, ankaima pakhomo la kukhitchini n'kumawaseka kuti munthu wa madigiri akusewera ndi zonyansa. Bambo Makwinja akamaliza ankalemba pa kakhadi makilomita amene tidzasinthirenso, n'kukapachika pafupi ndi chiwongolero. Apa ndi pamene panagona vuto lomwe sitinalione tonse awiri. Chifukwa cha maulendo a ku Thyolo, makilomita ankakwana nthawi zonse miyezi isanathe, motero pa kakhadi kaja ankangolembapo makilomita okha. Mwezi sankalemba, chifukwa unali m'mitu mwathu. Ngakhale mu 2011, petulo atasowa ndipo galimoto itakhala miyezi ingapo osatuluka, anali iwo amene anandikumbutsa kuti titsate miyezi, koma anangonena pakamwa.

Ndinali pabwino pakhomo paja, sindingabise. Madalaivala timatchuka ndi kupopa petulo wa abwana, ndipo ambiri mbiriyo amaiyenera. Ine pa zaka zonsezo sindinanamepo m'nyumba imene ija, ngakhale pa kanthu kakang'ono, ndipo ndinkanyadira zimenezi mwina kuposa muyezo. Amayi anu ankati ndimanyamula chilungamo changa pamutu ngati mtolo wa nkhuni kuti aliyense aone.

Januwale 2014

Tinasintha oyilo Loweruka lachiwiri la mwezi umenewo. Lachiwiri lotsatira, ndikuwadikira panja kuti tipite ku Thyolo, bambo Makwinja anagwa ku bafa. Ndinawathamangitsira kuchipatala m'galimoto yomweyo, mutu wawo uli pamiyendo pa akazi awo. Sanayankhulenso, ndipo Lachisanu anatisiya. Ndinalira ngati wamwalira ndi mchimwene wanga.

Maliro atatha, munda wa ku Thyolo unapita kwa adzukulu awo a kuchikazi, ndipo ana awo awiri anabwerera kunja kumene amagwira ntchito. Ine ndinkadikira kuuzidwa kuti ntchito yatha. M'malo mwake mayi Makwinja anandiitana pakhonde. Anali atawonda m'masabata awiri okha, chitenje chikuchita kuzungulira kawiri. Anandiuza kuti ndikhalebe, koma andipempha chinthu chimodzi.

"A Namaona, galimoto ija muisiye mmene bambo anaisiyira. Musachotsemo kanthu, musasinthemo kanthu. Mundilonjeze."

Ndinalonjeza. Munthu wofedwa sumuuza za fyuluta. Mumtima ndinkati ikadzatha miyezi itatu kapena inayi chisoni chidzaphwa, tidzakambirana bwinobwino.

2014 mpaka 2016

M'mawa wina, patapita mwezi, ndinaliza galimoto ija kuti batire lisafe. Nditatembenuka ndinaona mayi Makwinja ataima pakhonde, kapu ya tiyi m'manja, maso atatseka. Nditazimitsa anandifunsa ngati ndingailizenso mawa nthawi yomweyo. Anati zaka zonse za ukwati wawo tsiku lawo linkayamba ndi kulira kwa galimoto panja, ndipo akamva injini ija amakhala ngati bambo ali kuchipinda akumanga nsapato. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yanga yeniyeni. Seveni koloko iliyonse ndinkaliza galimoto kwa mphindi khumi, iwo ali pampando wawo pakhonde, kenako n'kuzimitsa. Kutchalitchi ankapita ndi mnzawo woyandikana naye. M'galimoto yawo ankakwera kamodzi pa mwezi, kupita kukayezetsa shuga m'tauni, ulendo woti injini siitentha n'komwe. Ndinapempha kuti ndiziyitulutsa ikathamange mumsewu wa ku Chikwawa, koma anakana, anati sakufuna kuona malo ake ali opanda kanthu.

Mwaona tsopano chimene ndinkachita. Chinthu chenicheni chimene a Zuze anatiletsa ku Limbe, ndinkachichita ndi manja anga m'mawa uliwonse, ndikudziwa. Chaka chitatha ndinalimba mtima, ndinawauza mayi Makwinja kuti oyilo wakalamba. Anadzuka, napita okha ku galimoto, nabwera ndi kakhadi kaja. Anandiwerengera makilomita amene bambo analemba, nandifunsa ngati tafikapo. Tinali tisanayende ndi gawo limodzi la magawo khumi lomwe. Ndinayesa kufotokoza za miyezi, koma anandidula mwaulemu. Anati bambo ankaidziwa galimoto yawo, akanafuna miyezi akanalemba miyezi, ndiponso oyilo ameneyo anathira ndi manja awo masiku atatu asanagwe. Ndinaimbira mwana wawo wamwamuna, amene anandiyankha kuti ndizingochita zimene zikuwasangalatsa amayi. Ndinabwereza nkhaniyi kwa mayiwo chaka chachiwiri, ndipo anakhala masiku atatu osandiyankhula.

Zengerezu analinda kwawukwawu, amatero akuluakulu, ndipo ine ndinazengereza zaka zitatu. Kunsi kwa chivindikiro kunayamba kuoneka zoyerayera zija. Oyilo pa kachitsulo ankanunkha petulo, ndipo m'malo motsika ankakwera, kusonyeza kuti zosafunika zikuchulukamo. Kenako m'mawa injini inayamba kuchita katakata kwa kanthawi isanakhazikike, ndipo kanyali kofiira ka oyilo kankachedwa kuzima. Mayi Makwinja sankamva kusiyana kwake. Ine ndinkamva nthawi iliyonse ndikapotokola kiyi.

Juni 2017

Amayi anu ndi amene anandiuza njira yachidule. Kamodzi pa miyezi iwiri ndinkaloledwa kutuluka ndekha kukathira petulo. Anati ndikatero ndingodzera pa galaja iliyonse, asinthe oyilo, ndibwerere, nkhani yatha.

"Bambo a Rute, oyilo alibe dzina la munthu," anatero. "Gogoyo akufuna amve injini ikulira basi. Mukawauze chiyani? Inu ingosinthani mukhale chete."

Ndinawayankha kuti ndinalonjeza. Anati lonjezo lopangidwa pa maliro ndi lopukutira misozi, ndipo Mulungu amene amaona zobisika amaonanso chifukwa chake. Ndinawauza kuti akuyankhula ngati munthu wosapemphera. Anandiyankha kuti ine ndikuyankhula ngati munthu woopa kudetsa malaya ake nyumba ya mnzake ikupsa. Tinakangana mpaka chakudya chinazizira.

Sabata yotsatira ndinatuluka nayo kukathira petulo, ndipo mawu a amayi anu anandiperekeza. Ndinapitirira mpaka pa galaja ya mnzanga wina mumsewu wa ku Naperi, ndinaima panja pa geti, injini ikulira. Mnzangayo anandiona, nandikodola kuti ndilowe. Inali ntchito ya theka la ola. Ndinayang'ana kakhadi kaja, malemba a bambo Makwinja opendekera kumanja, ndinaganiza za mayi aja atakhala pakhonde mawa lake, maso atatseka, akukhulupirira chinthu chimene ine ndikudziwa kuti si choona, mawa ndi mkuja mpaka imfa yawo. Ndinaona kuti sindingathe kuwayang'ana kumaso. Ndinaika giya yobwerera m'mbuyo, ndinapita.

Komabe sindikanathanso kupitiriza kuipha injini ija. Ndinaganiza kuti ndikakana kuiliza adzaona kuti nkhaniyi ndi yaikulu, ndipo adzalola. M'mawa mwake, seveni koloko itakwana, sindinapite ku galimoto. Ndinakwera pakhonde, ndinavula chipewa, ndinaika makiyi patebulo pafupi ndi kapu ya mayi Makwinja. Ndinawauza zonse monga ndakuuzirani inu, za thukuta la injini, za malole a ku Limbe, za mmene bambo eni ake anavulira tayi pamaso pa a Zuze. Ndinawauza kuti akandilola kusintha oyilo, galimotoyo idzawalirira zaka zina zambiri, koma ndi oyilo amene alimoyo sindiyilizanso, chifukwa tsiku lina idzazima osadzukanso.

Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndinali ndisanakanepo kutumidwa pakhomo paja.

"Ndiye kuti mukufuna mukhetse zimene bambo anathira, muzitaye kudzala."

"Sindikufuna, mayi. Koma zikapanda kutuluka, injini ifa."

"Munalonjeza, a Namaona."

"Ndinalonjeza, ndipo n'chifukwa chake sindinakhudze. Ndikupempha kuti mundimasule."

Sanandimasule. Anatenga makiyi aja, nawamanga pa ngodya ya chitenje chawo, nanena motsitsa mawu kuti ngati ntchito yandikola ndikapume. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Ndinatsika masitepe a khonde lija, ndinayenda wapansi mpaka ku Naperi osayankha moni wa aliyense. Amayi anu atandiona ndikulowa nthawi ya naini koloko m'mawa anangondisunthira mpando.

Ogasiti 2017

Ndinakhala pakhomo masabata asanu ndi awiri ndikudikira kuitanidwa. Ndinali wotsimikiza kuti nyumba ikakhala zii masiku angapo adzagonja. Chimene sindinachiganizire n'chakuti kuliza galimoto sikufuna dalaivala. Mlonda wa masana, a Semba, bambo wachikulire wa ku Chikwawa, munthu wabwino koma wosadziwa za injini, ndi amene anapatsidwa makiyi. Iwo poona injini ikuchita katakata m'mawa wozizira, ankaponda mafuta kwambiri kuti ikhazikike, ndipo kanyali kofiira ankakayesa kokongoletsa.

Anali a Semba omwewo amene anabwera ku Naperi Lachinayi lina masana, chipewa chili m'manja, kudzandiuza kuti mayi akundifuna. Anati m'mawa umenewo galimoto inalira bwino pang'ono, kenako inayamba kugogoda ngati munthu akukhoma chitseko ndi mwala, n'kuzima yokha. Ndisanafike n'komwe ndinadziwa kuti injini yanoka, yaphwanyika mkati.

Ndinapeza mayi Makwinja atakhala pampando pafupi ndi galimoto, osati pakhonde. Ndinawapatsa moni, anayankha, nandipatsa makiyi. Ndinayesa kuzungulitsa injini ndi sipanala, inakana. Ndinawafunsa ngati ndingamasule nati ya kunsi, ndipo anagwedeza mutu kuvomera. Ndinalowa kunsi ndi beseni. Oyilo sanatuluke mothamanga monga amachitira. Poyamba panatuluka zamadzimadzi zonunkha petulo, kenako zakuda zonanda zikugwa m'mibulu, zili ndi tizitsulo tonyezimira. Ndinakoka beseni lija n'kuliika poyera. Iwo anawerama, naliyang'ana nthawi yaitali.

Ndinawauza zoona, kuti injiniyo yatha, koma ku Limbe kumapezeka mainjini akale ochokera kunja, ndipo ndikhoza kufunafuna yofanana nayo. Anandifunsa ngati idzalire chimodzimodzi. Ndikanatha kunena kuti inde, koma ndinati injini iliyonse ili ndi mawu ake. Anati basi, isiyeni.

Ndinayamba kupukuta manja. Kunena zoona, pansi pa chisoni changa panali kamtima kena kodikira kumva kuti a Namaona munanena. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma kanalipo. Iwo anandiitana osadzutsa mutu.

"A Namaona, ndikufunseni. Mukanasintha oyiloyu mobisa, ine ndikanadziwa?"

"Ayi, mayi. Simukanadziwa."

"Bwezi ikulirabe?"

"Bwezi ikulirabe."

Anasisita chitseko cha galimoto ndi chala. Kenako anandiyang'ana, m'maso mulibe mkwiyo, ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Nanga munalekeranji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za lonjezo, koma lonjezolo linali lawo, ndipo eni akewo ndi amene ankafunsa. Ndinafuna kunena kuti sindinanamepo m'nyumba mwawo, koma ndinamva ndekha kuti yankho limenelo likunena za ine, osati za iwo. Ndinatseka boneti pang'onopang'ono, ndinapereka makiyi kwa a Semba, ndinatsanzika.

Ndinkapita kukawaona mayi Makwinja Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ndipo ankandilandira bwino, koma a Semba anandiuza kuti pakhonde paja m'mawa sankatulukiranso. Mayiwo anamwalira mu Malichi chaka chotsatira, ine ndisanawayankhe.